Wakuba si Chijeremani, Wakuba ndi Lumo

Sabata yatha tinakangana pa gulupu yathu yowerenga mabuku mpaka ena anayamba kutulukamo. Woyambitsa ndine, ndikuvomera. Ndinaponyamo kavidiyo ka mphindi zochepa ka opera ya Toshio Hosokawa yotchedwa Stilles Meer, ndikuganiza kuti anthu angoti "zili bho" n'kudutsa. Mnzanga wina amene tinamaliza limodzi ku yunivesite sanachedwe: "Aise, izi ndiye zomwe timanena zija. Nkhani ya ku Japan, maliro a anthu a ku Japan, koma ikuimbidwa m'Chijeremani, ku Hamburg, pamaso pa azungu a masuti. Kuba kumeneku." Anthu anamuombera m'manja ndi tizithunzi tija. Ine ndinalemba yankho, n'kufufuta, n'kulembanso, mpaka bandulo inatha. Ndiye ndati ndiyankhire kuno, komwe kulibe wondidula pakamwa.

Mnzangayo sakunama kuti kuba kulipo. Walakwitsa posaka wakubayo. Wagwira chilankhulo pakhosi, pamene chilankhulo chinangodutsa. Nkhani ikachoka m'buku kupita pa siteji, chomwe chimaipha kapena kuipulumutsa ndi lumo: zomwe wokonza wadula, zomwe wasiya, komanso chifukwa chake. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wobwera amatha kuthetsa zomwe eni mudzi zawakanika. Koma lumo lomwelo limachekanso khutu. Funso loyenera kufunsa opera iliyonse ya mtunduwu ndi lakuti: yameta tsitsi kapena yacheka khutu? Ndikupatsani milandu inayi, inu mukhale oweruza.

Poyamba, kwa amene simunazionepo: opera ndi sewero lomwe mawu ake amaimbidwa, gulu la zida likuimba m'dzenje kutsogolo kwa siteji. Kawirikawiri pamakhala anthu awiri, wopeka nyimbo ndi wolemba mawu. Ine sindinapondemo m'nyumba ya opera chibadwire. Zonse zomwe ndikunena pano ndinazionera pa laputopu, mawu omasulira akuyenda pansi pa sikirini, n'kuwerenganso mabuku ndi masewero omwe zinachokerako. Ambiri mwa masewerowo ndi a Noh, mtundu wa sewero la ku Japan lomwe linakhazikika m'zaka za m'ma 1300 m'manja mwa Kan'ami ndi mwana wake Zeami. Osewera amavala zigoba kumaso, amayenda pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri mwini nkhani amakhala mzimu wa munthu wakufa amene china chake chikumukanikitsa kuchoka.

Mlandu woyamba ndi wakale, koma ndi umene unatsegula njira. Mu Juni 1930 ku Berlin kunaonetsedwa koyamba Der Jasager, kutanthauza wonena kuti inde. Nyimbo anapeka Kurt Weill, mawu analemba Bertolt Brecht, ndipo inali opera yoti aziimba ana asukulu. Gwero lake ndi sewero la Noh lotchedwa Taniko. Mu Taniko, mnyamata akupempha mphunzitsi wake kuti amutenge pa ulendo wa mapemphero kumapiri kuti akapempherere mayi ake odwala. Ali m'njira mnyamatayo akudwala. Lamulo la gululo ndi lakuti wodwala pa ulendo woterewu aponyedwe m'chigwa, ndipo akumuponyadi. Koma seweroli silithera pamenepo. Mphunzitsi akusweka mtima, anzake akupemphera kwa En no Gyoja amene anayambitsa chipembedzo chawocho, ndipo mnyamatayo akubwezedwa wamoyo. Nkhani yonse imatsamira pa mathero amenewo.

Tsono onani ulendo womwe seweroli linayenda. Mngelezi Arthur Waley analimasulira m'Chingerezi m'buku lake la mu 1921, n'kulifupikitsa, ndipo kuuka kwa mnyamatako sanakumasulire ngati mbali ya sewero. Elisabeth Hauptmann anatenga Chingerezi cha Waley n'kuchiika m'Chijeremani. Brecht anatenga za Hauptmann n'kuchotsamo milungu. Chinatsala n'chiyani? Mwana amene akufunsidwa ngati akuvomera kuti atayidwe kuphompho, iye n'kuti inde, n'kutayidwa, basi, makatani n'kutsekedwa. Sewero lomwe limanena kuti chifundo chimaposa lamulo linasanduka phunziro la kuvomera kufera gulu. Ndipo amaimba phunziro limenelo anali ana asukulu a ku Germany, kutatsala zaka zitatu kuti Hitler atenge boma.

Apa ndiye pali kucheka khutu, ndipo sindikuzungulira. Koma taonani amene anazindikira. Anali ana a pasukulu ya Karl Marx ku Neukölln, mu Berlin momwemo, amene atafunsidwa maganizo awo anakana kuti zimenezi n'zomveka. Brecht anamva, n'kukonzanso, n'kulembanso china chotchedwa Der Neinsager, wonena kuti ayi, momwe mnyamata akukana kutayidwa n'kuwauza akuluwo kuti mwambo uganiziridwenso. Weill sanachipekere nyimbo chimenecho. Anawo Chijapani samachidziwa. Ankangomva m'mimba kuti nkhaniyi yadulidwa penapake. Chikanakhala kuti Brecht analemba mawu omwewo m'Chijapani choyera, chilonda chikanakhala chomwecho.

Mnzanga uja atha kunena kuti: waona, amenewo anali azungu okhaokha, mwini nkhani panalibe. Chabwino, tiyeni ku mlandu wachiwiri, pomwe mwini analipo. Mu 1976 nyumba ya Deutsche Oper Berlin inaonetsa Kinkakuji, opera ya Toshiro Mayuzumi, yochokera m'buku la Yukio Mishima la mu 1956. Mayuzumi anali Mjapani, komanso wokonda dziko lake mpaka kunyanya, wa ndale zofanana ndi za Mishima. Mawu anali a Chijeremani, olembedwa ndi Claus Henneberg. Bukuli limachokera pa zomwe zinachitikadi: mu 1950 wophunzira za unsembe wa Chibuda anatentha kachisi wagolide wa ku Kyoto. Mishima anamutcha Mizoguchi, ndipo Mizoguchi ndi wachibwibwi. Aliyense amene anawerenga bukuli akudziwa kuti chibwibwicho si zokometsera. Mawu amamukakamira pakhosi, akamatuluka dziko limakhala litapita kale, ndipo mkwiyo wake wonse pa kukongola kwa kachisiyo umamera pamenepo. Munthu amene mawu amukana akulankhula ndi moto.

Mu opera chibwibwi chinachotsedwa. M'malo mwake Mizoguchi anapatsidwa dzanja lopuwala. Mwina ankaopa kuti munthu sangaimbe mwachibwibwi usiku wonse. Koma Benjamin Britten anali atachita kale zimenezo mu 1951 mu Billy Budd, momwe mnyamata wachibwibwi akulephera kudziyankhira mlandu wabodza n'kumenya womunamizirayo mpaka kumupha. Zinali zotheka. Ndipo palibe malo ena omwe chibwibwi chikanapweteka kwambiri kuposa mu opera, momwe aliyense womuzungulira mawu akumuyendera ngati madzi. Analola kuti lumo lidutse pamenepo ndani? Mjapani weniweni, mnzake wa mlembi. Ndiye zoti mwini nkhani akakhalapo nkhani imatetezeka, ine ndaleka kuzikhulupirira. Mbale wako amathanso kukugulitsira munda.

Mlandu wachitatu ndi umene umandisangalatsa, chifukwa uli ngati kuyesa kwa mu labotale. Hans Werner Henze, Mjeremani, anatenga buku lina la Mishima la mu 1963, Gogo no Eiko, n'kupanga opera yotchedwa Das verratene Meer, nyanja yoperekedwa. Mawu analemba Hans-Ulrich Treichel, ndipo inaonetsedwa koyamba mu Meyi 1990 ku Deutsche Oper Berlin komweko. Nkhani yake ndi ya ku Yokohama. Fusako, mayi wamasiye wa sitolo ya zovala zapamwamba zochokera kunja, akugwa m'chikondi ndi Ryuji, wogwira ntchito pa sitima zapanyanja. Mwana wake Noboru, wa zaka 13, amawasuzumira pa kachiboo ka pakhoma. Noboru ali m'kagulu ka anyamata omwe amadziphunzitsa kuuma mtima, mpaka kupha kamwana ka mphaka ngati maphunziro. Kwa iwo Ryuji ndi ngwazi bola akhale wa panyanja. Atasiya sitima kuti akwatire n'kukhala bambo wa pakhomo, anyamatawo akumuweruza kuti afe.

Henze anali wa ndale zakumanzere, Mishima wa kumanja kwenikweni, amene anadzipha mu Novembala 1970 atalephera kuutsa asilikali. Munthu angayembekezere kuti Henze afewetse bukuli kapena alisandutse ulaliki. Sanatero. Kachiboo kalipo, mphaka alipo, chiweruzo cha anyamata chilipo. Dandaulo langa ndi limodzi: anyamatawo amaimbidwa ndi amuna akuluakulu, ndipo ukamva mawu a bambo wa ndevu akulamula imfa umaiwala pang'ono kuti choopsa cha bukuli n'chakuti akupha ndi ana. Limenelo ndi bala, koma laling'ono.

Tsono mfundo yanga ndi iyi. Mu 2003 opera yomweyi inaimbidwa ku Tokyo m'Chijapani, pa dzina la buku lija, Gogo no Eiko, ndipo inafikanso ku Salzburg mu 2006 Henze ataiwonjezera nyimbo. Malinga ndi mnzanga uja, apa katundu wobedwa anabwerera kwa mwini. Ndikufunsa: chinabwerera n'chiyani? Nyimbo ndi za Henze yemweyo, zolemera, za okestra yaikulu ya ku Ulaya. Anyamata akadali madoda. Zomwe zinasungidwa zinasungidwa kale m'Chijeremani, ndipo zomwe zinatayika Chijapani sichinazitole. Mu 2020 nyumba ya Wiener Staatsoper inaibwezeranso m'Chijeremani, n'kuionetsa pa intaneti chifukwa cha Covid. Chilankhulo chasintha kawiri konse, mlandu uli pomwepo.

Ndisanafike pa mlandu womaliza, pali chinthu chimodzi chomwe amene amakuwa kuti "kuba" sachitchula. Germany ali kale m'kati mwa mabuku a ku Japan. Mori Ogai, mmodzi mwa makolo a zolemba zamakono za dzikolo, anali dokotala wa asilikali amene anaphunzira ku Germany kuyambira 1884 mpaka 1888. Nkhani yake yotchuka ya mu 1890, Maihime, imachitikira ku Berlin. Mnyamata wa ku Japan, Toyotaro, akukondana ndi mtsikana wovina wa ku Germany dzina lake Elise, akumupatsa mimba, kenako akusankha ntchito ya boma kwawo n'kumusiya mtsikanayo atazungulira mutu. Ana a sekondale ku Japan akhala akuiwerenga m'kalasi kwa zaka zambiri. Hosokawa mwiniwake anabadwira ku Hiroshima mu 1955, anapita ku Berlin mu 1976 kukaphunzira kwa Isang Yun, Mkoreya, kenako ku Freiburg kwa Klaus Huber. Chijeremani ndi chilankhulo chomwe anakuliramo pa ntchito yake. Munthu ameneyu mukumuuza kuti wabera ndani?

Nayi tsopano opera yomwe inayambitsa ndewu. Pa 11 Malichi 2011 chivomerezi chachikulu chinagwedeza kumpoto chakummawa kwa Japan, tsunami n'kutsatira. Anthu oposa 15,000 anafa, oposa 2,500 sanapezeke, ndipo malo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima Daiichi anaonongeka, midzi yozungulira n'kusamutsidwa. Stilles Meer, kutanthauza nyanja yabata, inaonetsedwa koyamba pa 24 Januwale 2016 ku Staatsoper Hamburg, Kent Nagano akutsogolera oimba. Nkhaniyi anaipanga Oriza Hirata, wolemba masewero wa ku Japan, amenenso anaiika pa siteji, ndipo mawu a Chijeremani analemba Hannah Dübgen.

Hirata anatembenuza Maihime. Wovina wa ku Germany tsopano ndi Claudia, ndipo ndi iye amene ali kudziko la eni. Tsunami inamutengera mwamuna wake Takashi ndi mwana wake Max. Stephan, bambo ake a Max, wabwera kuchokera ku Germany kudzamutenga. Claudia akukana kuchoka, akukananso kuvomera kuti mwanayo anafa. Anthu a m'mudzimo, asodzi, akamapita kukaona manda a abale awo amayamba avala zovala zodzitetezera ku poizoni wa nyukiliya. Haruko, mchemwali wake wa Takashi, akuganiza zoti mlamu wakeyo asewere sewero la Noh lotchedwa Sumidagawa, mwina mtima ungavomere.

Sumidagawa analemba Motomasa, mwana wa Zeami. Mayi wachoka ku Kyoto akusaka mwana wake amene anabedwa ndi wogulitsa anthu. Afika pa mtsinje wa Sumida mutu utasokonekera. Woolotsa anthu pa bwato akufotokoza za mnyamata amene anafera kutsidyako chaka chapitacho tsiku ngati lomwelo, ndipo mayiyo akuzindikira kuti ndi wake. Akupemphera pa mtumbira, mawu a mwanayo akumveka, mzimu wake ukuonekera, mayi akufuna kuukumbatira, ukumupulumuka m'manja. Kukucha, patsala udzu wa pamanda.

Pali mbiri yosungidwa m'zolemba za zokamba za Zeami yakuti bambo ndi mwana anatsutsana pa seweroli. Zeami ankati mwanayo asamaonekere pa siteji, zikhala zamphamvu akamaoneka m'maso mwa mayi yekha. Motomasa anati popanda mwana sizingatheke. Mkangano umenewu ndi wa zaka pafupifupi 600. Britten atatenga nkhani yomweyi mu 1964 n'kupanga Curlew River, anaisandutsa ya Chikhristu: mzimu ukuonekera, ukudalitsa mayi, misala n'kutha. Anapereka chitonthozo chomwe Motomasa sanapereke. Hosokawa ndi Hirata anapita mbali inayo. Mu Stilles Meer, Max sabwera. Claudia sachira.

Ndiye nawonso anadula, eti? Eya, anadula. Koma anadula pamalo pomwe Zeami mwiniwake analoza, ndipo anadula chifukwa choonadi cha 2011 chinali chomwecho. Mayi wa mu Sumidagawa ali ndi mtumbira. Mabanja a anthu osowa aja alibe ngakhale umenewo. Kuwaonetsa mzimu woyera ukutsanzika bwinobwino kukanakhala kuwanamiza. Uku ndiye kumeta kwa mmisiri.

Apa ndinene zomwe sindinanene pa gulupu, chifukwa sizinali za pa gulupu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu mazanamazana sanapezeke. Azakhali anga ena anataya mwana wamwamuna mmenemo, ndipo thupi silinapezeke. Abale anachita mwambo, abusa analalikira, anthu anabalalika. Mpaka lero azakhali akamva chitseko chikugogodwa madzulo amadzuka okha, safuna wina atsegule. Tonse takhalapo ngati Stephan kwa iwo, kuwauza kuti azakhali vomerani, moyo ukupitirira. Nditaona Claudia akuyang'ana kunyanja, ndinazindikira kuti kuvomera komwe timawapempha n'kothandiza ife, kuti tileke kuchita manyazi tikakhala nawo. Zimenezi ndinaziphunzira m'Chijeremani chomwe sindichimva, kuchokera kwa Mjapani. Wina abwere andiuze kuti ndalandira katundu wakuba.

Musaganize kuti ndaima ndi mbali inayo, ya oyamikira. Iwonso amanditopetsa, mwina kuposa mnzanga uja. Mukawerenga zomwe anthu amalemba pansi pa mavidiyo a Hosokawa mupeza mawu omwewomwewo: bata, mtendere, kusinkhasinkha, Zen. Ngati munthuyu amapeka nyimbo zogonera. Tengani Matsukaze, opera yake ya mu Meyi 2011 ku La Monnaie, Brussels, mawu a Chijeremani a Dübgen yemweyo, magule a Sasha Waltz, Barbara Hannigan akuimba mwini dzina. Imachokera mu sewero la Noh lomwe Zeami analikonza. Atsikana awiri apachibale, Matsukaze ndi Murasame, ophika mchere pa gombe la Suma, anakondedwa ndi nduna Yukihira pa nthawi imene anali atathamangitsidwa ku likulu. Zaka zitatu zitatha iye anabwerera kwawo, n'kuwasiyira chipewa ndi mkanjo, ndipo anamwalira. Atsikanawo anafa ndi chisoni, koma mizimu yawo ikadali pa gombe pomwepo. Matsukaze akuvala mkanjo uja, akuona mtengo wa paini, akuuyesa Yukihira, akuuthamangira.

Bata lili pati pamenepa? Awa ndi akazi osauka amene bwana anawagwiritsa ntchito ali pa mavuto, zitamuyendera n'kuwasiya, monga Toyotaro anasiyira Elise. Ngakhale imfa sinawamasule. Pa siteji ya ku Brussels, Chiharu Shiota anamanga ukonde wa ulusi wakuda, oimbawo n'kumatsika atakodwamo ngati ntchentche. Zoona, nyimbo za Hosokawa zimayenda pang'onopang'ono. Liwu limodzi limatha kuyamba ngati mpweya, n'kukula, n'kuzimirira. Mumamveka madzi, mphepo, timabelu. Koma aliyense amene anakhalapo pa siwa akudziwa kuti chete wa m'bandakucha, nyimbo zitatha, si mtendere. Ndi nthawi imene ofedwa amayamba kumva. Womvera amene watuluka akuti "ndapumula" wabwera ndi lumo lake m'thumba, ndipo wadula yekha zomwe wopeka anasiya. Ameneyo ndiye ndingamutche wakuba, ngakhale atakhala kuti amalankhula Chijapani bwino.

Ndimupatse mnzanga uja zake, chifukwa ali nazo. Pali nkhani ya ndalama. Ku Germany kuli nyumba za opera zambiri zoyendetsedwa ndi ndalama za boma ndi za mizinda, ndipo ndi zomwe zili ndi mphamvu yoitanitsa opera yatsopano. Woitanitsa ndiye amasankha chilankhulo, nthawi zina ndi nkhani yomwe. N'chifukwa chake Mayuzumi anaimbitsa Mishima m'Chijeremani. Ndipo sikuti Hamburg inangokonda Fukushima mwangozi. Ngozi imeneyo inagwedeza ndale za Germany: boma la Angela Merkel linaganiza mu 2011 momwemo zosiya magetsi a nyukiliya, ndipo malo atatu omaliza anatsekedwa mu Epulo 2023. Omvera a ku Hamburg anabwera ndi mantha awoawo. N'zomveka kufunsa chifukwa chake mayi wolira pakati pa siteji ndi Mjeremani, pamene asodzi a ku Japan ali kumbali. Ine yankho langa ndi Maihime, kuti Hirata ankabweza ngongole ya Elise. Wina atha kukana yankho limenelo, ndipo tingakangane bwino. Koma taonani kuti mkangano umenewo ndi wa zomwe zaikidwa pakati ndi zomwe zakankhidwira kumbali. Wabwereranso ku lumo. Kuti ufike pamenepo uyenera kuwerenga Ogai, kuwerenga Motomasa, n'kuonera opera yonse. Kukuwa kuti "Chijeremani!" kumangofuna masekondi khumi a kavidiyo.

N'chifukwa chake nkhaniyi yandikhudza chonchi, ine amene ndimalemba m'Chichewa. Ambirife tinaphunzitsidwa kuti nkhondo yonse ili pa chilankhulo: wolemba m'Chingerezi wagulitsa, wolemba m'chilankhulo cha amayi ake wapulumuka. Ndimalemba m'Chichewa chifukwa ndimachikonda, komanso chifukwa ndimafuna azakhali aja athe kundiwerenga. Koma Chichewa si setifiketi ya chilungamo. Ndawerengapo nthano zathu zolembedwanso m'Chichewa chokoma, zitachotsedwa nkhanza, zitachotsedwa zolaula, kalulu atasanduka mwana wa Sande sukulu, kumapeto n'kumatapo phunziro. Kumeneko ndi kuchita za Waley ndi Brecht pa ziwiya za agogo ako omwe, ndipo palibe amakuwa kuti kuba chifukwa chilankhulo n'chathu. Chilankhulo chimatha kukhala chitenje chophimbira bala.

Ndiye aise, ngati ukuwerenga, ndipo ndikudziwa ukuwerenga chifukwa sulephera: Brecht ndakupatsa, mutenge. Chibwibwi cha Mizoguchi tilirire limodzi, koma ukumbuke kuti anasainira ndi mwini mudzi. Pa Henze tigawane. Koma Hosokawa umusiye kufikira utaonera Stilles Meer yonse, kuyambira poyamba mpaka pomwe Max akulephera kubwera. Si yaitali, ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka. Bandulo ndigula ine. Ukamaliza undiuze chomwe chadulidwa chomwe sichinayenera kudulidwa, ndipo ukachipeza ndidzachilemba pano pomwe, dzina lako ndilibisa, ulemu ndikupatsa. Ukabweranso ndi nkhani ya masuti a azungu, ndikutulutsa pa gulupu. Paja adimini ndine.